Masokosi amene ndinawasankhira abambo

Miyendo ya abambo anga inkadziwika mudzi wonse. Mitsempha inali yotupa kuyambira pakakolo mpaka kuseri kwa bondo, yopotanapotana ngati mizu ya kachere. Akamalima kudimba atavala kabudula, ana ankaima n'kumaloza. Koma Lamulungu lililonse ndiwo ankaliza belu la tchalitchi chathu, n'kukhalanso oyamba kugwada polandira Ukalistia.

Ine ndinasiyira sukulu mu Sitandade 5, nditaswera mnzanga sileti m'mutu. Mtima wapachala ndinali nawo, sindikana. Chikatolika changa chinalinso cha zibakera: anyamata a gule ndinkamenyana nawo pafupifupi mwezi uliwonse.

Tsiku lina mtsempha unaphulika kudimba. Magazi ake! Ndinawakweza panjinga mpaka kuchipatala cha mishoni. Bala litapola, asisitere anati tibwerenso m'mamawa, miyendo isanatupe. Anayeza ndi tepi pakakolo ndi pakatumba, kenako anatulutsa katoni ya masokosi a lasitiki ochokera kunja.

"Ena ngofika m'ntchafu, ena ngolekeza m'bondo," anatero. "Athine pakakolo, koma asamange magazi."

Abambo analoza akuda aatali.

"Amenewo ngaakulu, abambo. Akhwepa ngati thumba," ndinatero, n'kutola ofikira m'bondo, otuwa, osiya zala panja.

"Khungu la mzungu ili? Ndiziyenda ndi miyendo ya abambo mfumu?"

"Mukufuna mtundu kapena mukufuna kuchira?"

Asisitere anandidzudzula kuti munthu sakalipira bambo ake chotero, koma tepi inagwirizana ndi ine. Tinatenga otuwawo. Abambo anayamba kuvala buluku kuti anthu asawaseke, choncho odziwa za masokosiwo m'mudzi tinali atatu: iwo, amayi, ndi ine amene ndinkawaveka m'mawa uliwonse, poti anali olimba kukoka. Imodzi itang'ambika pakatumba, amayi anaisoka ndi ulusi wobiriwira. Kutupa kunachepa. Abambo anayambanso kukwera phiri osapumira.

Loweruka lina masana ndikuchokera kumsika ku Mayani, ndinakumana ndi chilombo cha gule wamkulu chikupita ku maliro a mudzi woyandikana nafe. Nthenga kumutu, thupi lonse lopaka dothi lofiira, anyamata anayi akuchiperekeza.

"Tsika panjinga, iwe wa kolona! Gwada!"

"Ndimagwadira Mulungu ine, osati sanza."

Anandigwetsa, wina n'kundikanikiza khosi. Bondo linasupuka. Nkhope yanga inali pafupi ndi fumbi pamene chilombocho chinafika, n'kuyamba kupalasa pamaso panga penipeni. Dothi louma linkayoyoka m'miyendo mwake. Ndiye pakatumba wakumanzere panatuwa. Ndinaona ulusi wobiriwira.

Chibakera chimene ndinakunga chinamasuka chokha. Chilombocho chinaima kanthawi, chikundiyang'ana, kenako chinathamanga, liwiro loti sindinalionepo pa miyendo imeneyo.

Njinga ndinachita kukankha mpaka kumudzi. Mkwiyo unandipeza m'njira. Ine kumenyedwa chaka ndi chaka chifukwa cha mpingo, woliza belu ali kudambwe! Ndinapitirira kwa akuluampingo, n'kuwauza kuti mawa ikatha Misa ndili ndi mawu. Ndinkadziwa chotsatira chake: abambo akanaimitsidwa masakramenti, belu n'kupatsidwa wina.

Dzuwa litapendeka ndinapeza amayi kuseri kwa nyumba akuchapa masokosi m'beseni. Madzi anali psuu.

"Dothi limeneli n'lakuti, amayi?"

"Lakudimba."

"Kudimba kwathu dothi n'lakuda."

Anafinya sokosi, osandiyang'ana.

"Miyendo ija inawakhazika pansi zaka zambiri, osavina. Ndani akanalephera kuizindikira? Wawadzutsa ndiwe, mwanawe."

Amayinso ankadziwa! Amayi a m'kwaya!

M'mawa abambo anandiitana monga mwa masiku onse. Anakhala pampando, atatambasula mwendo. Masokosi anali asanaumitsitse. Ndinagwada, n'kuyamba kukoka. Anayang'ana bondo langa.

"Wagwa panjinga?"

"Eya."

"Ukakumana ndi zinthu panjira uzitsika. Anyamata aja akanakuthyola khosi chikhala kuti..." Sanamalize.

Apo ndi pamene ndinakumbukira kuti dzanja lija linachoka pakhosi panga chilombo chitangoima. Ndinakokera sokosi mpaka m'bondo, n'kusalaza makwinya monga anatiphunzitsira asisitere.

Belu linalira nthawi yake. Pa Ukalistia anagwada oyamba, ine ndili kumbuyo kwawo, maso ali pa zidendene zotuwa zosuzumira pansi pa buluku. Misa itatha akuluampingo anandikokera pambali.

"Paja unati uli ndi mawu, mnyamata?"

Abambo anali chapatali, akukulunga chingwe cha belu. Sanatembenuke.

"Chingwe chija chatha," ndinatero. "Chidzawadukira abambo m'manja."