Kagololo Kachitatu

Kagololo kameneka ndili nako mpaka lero, m'chitini cha fodya. Ndi kampira kachitsulo kochepa ngati nsawawa, kosagwira dzimbiri. Adzukulu akakaona amati n'ka njinga. Njinga! Kameneka kanachokera m'mimba mwa galimoto yaliwiro kuposa zonse zimene zinapondapo fumbi la ku Chongoni, ndipo wotsutsa abwere adzandiuze pamaso.

Mwini wake anali amalume, mlongo wawo wa amayi. Anatha zaka zambiri ku Halale akukonza magalimoto a azungu, ndipo anabwera kudzameta maliro a agogo nthawi yachisanu, chimanga chili kale m'nkhokwe. Bambo anga nawonso anali kunja, ku migodi, koma iwo ndi makalata omwe anali atasiya kulemba. Galimotoyo inali yofiira, mipando iwiri basi, denga lansalu, yaifupi moti inkakhula mimba pa zitunda za m'njira. Inafika ikulira ngati chigayo chameza mwala. Amalume anati ndi giyabokosi, sabata imodzi yokwana.

"Ndikonze ndizipita." Mawu awo anali amenewo m'mawa uliwonse. Munthuyo sankakhazikika. Ankadya choimirira, maso ali kumsewu. Amayi akawauza za denga lodontha kapena malire a munda amene anansi ankadya pang'onopang'ono, iwo ankangoti tiona, uku akupukuta sipanala.

Galimotoyo anaikweza pa zipika zapaini, nalowa pansi chagada, natulutsa chibokosicho. Anachitsegulira pamphasa kuseri kwa nyumba. Chitsulo chilichonse ankachitsuka ndi palafini m'beseni la amayi n'kuchiyala pa lichero motsatana ndi mmene chatulukira. "Choyamba kutuluka chimalowa pomaliza," ankatero. Nkhungu ya ku Dedza mukuidziwa, imalowa mpaka m'mano. Zala zawo zinang'ambika, ndipo mudzi wonse unkanunkha oilo wakale. Pakati pa lichero panali tisipuling'i titatu ndi timagololo titatu. Anati timeneti ndi timene timagwira giya kuti isathawe pamalo pake.

Ine ndinali ndi legeni, ndipo njiwa zinkandiopa dera lonselo. Ndinatola kagololo kamodzi. Ndisaname, ndinaba. Koma nditakaika pa chikopa cha legeni ndinaona nkhope yanga mmenemo, mphuno yaikulu ngati ya nkhumba, ndiye ndinamva chisoni kukataya pa mbalame. Kanalowa m'thumba.

Tsiku lomanga, amalume anapeza tiwiri. Mayo ine! Anasesa bwalo lonse, fumbi analisefa ndi sefa wa ufa. Kenako anakayikira thadzi la amayi limene linkakonda kuzungulira pamenepo. Analipha, nang'amba nthutumba, napezamo mchenga wokhawokha. Ndiwo zake ndinadya nawo, ntchafu yathunthu, wopanda manyazi ine.

Anayesa gololo wa njinga, anachepa. Anayenda wapansi mpaka ku boma, m'masitolo a amwenye, osapeza. Anamanga choncho, tinakayesa pa chitunda cha ku Chimbiya ine ndili pampando winawo, mphepo ikundiliza misozi. Pakati pa chitunda giya inadumpha yokha, injini inakuwa pachabe, tinayamba kubwerera chambuyo. Katatu konse. Amalume anamenya chiwongolero: "Ndi mapiri a ku Tete ndikafika bwanji?" Anamasulanso zonse. Anamanganso. Mwezi unatha, wina unatha, mitengo ya m'nkhalango inayamba kuphuka masamba ofiira.

Ndiye tsiku lina amayi anandivula kabudula kuti achape, kagololo kanagwera m'beseni, ngwee! Ndinadziwa kuti ndafa. Lamba wa injini amene anali pamsomali ndinkamuona kale pamsana panga. Amayi anakatola. Anayang'ana kuseri, kumene miyendo ya mlongo wawo inkaonekera pansi pa galimoto, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakaika m'dzanja langa, napinda zala zanga ndi dzanja lawo lonyowa.

"Ukabise bwino. Usauze munthu."

Mvula yoyamba itagwa amalume anatenga khasu, ati angothandizako chaka chino chokha. Denga analifolera, malire a munda anawabweza, kenaka anapeza mkazi ku Mayani. Anakalambira konkuno, ndipo manda awo ndimalambula ndine.

Ine masiku amenewo ndinkayenda modzitama kuti amayi anga amandikonda kuposa ana onse, anandipulumutsa ku lamba. Sindinkadziwa kuti mayi amene msewu unamulanda kale mwamuna ankaopa chiyani akamva injini ija ikulira, ndi kuti pa tsiku lija si ine amene ankandisunga.