Nyenyezi Yakuda ya Adada a Wailesi

Chivomezi chija chinandipeza masana ndikuchapa matewera kuseri kwa nyumba yathu ku Salisbury Lines, ku Mzuzu. Madzi a m'beseni anavina, malata analira, basi chatha. Ndinathamangira m'nyumba thovu lili m'manja, n'kupeza mwana wanga wakhanda ali m'tulo, osatembenuka n'komwe. Panja amayi anzanga ankakuwa, "Chindindindi! Chindindindi!" Ine wa ku Dedza, Chitumbuka chisanandilowe, ndinayesa ayambitsa nyimbo. Atandiuza kuti ndilo dzina la chivomezi, ndinaseka mpaka kukhala pansi. Mantha anga amatulukira m'kuseka, mpaka lero.

Pafupi nafe pankakhala kalaliki wina wopuma ntchito, amene tonse tinkangoti adada a wailesi, chifukwa ankagwira masiteshoni akunja, motsitsa mawu monga zinkafunikira masiku amenewo. Iwo anatiuza kuti kumwamba kwabwera nyenyezi yakuda, yosaoneka, imene ikukoka dziko ngati mphasa, ndipo Loweruka Mzuzu yense agwa.

Apongozi anga, amene anali atabwera kuchokera ku Nkhata Bay kudzaona mdzukulu, anayamba kumanga katundu.

"Mwana ndikupita naye kwathu. Inu tsalani ndi sukulu yanuyo."

Mwana woyamwa! Amuna anga anali kutali ku ntchito ya misewu, ine tchuthi chinali chitatha, ndipo apongozi sakanidwa pamaso. Ndinene zoona: setifiketi ya uphunzitsi ndinali nayo, ndinkadziwa kuti chivomezi chimachokera pansi, matanthwe akamasuntha. Komabe ndinkati ndikayanika thewera, ndisuzumire kumwamba, ndikayanika lina, ndisuzumirenso. Ndinkaopa nyenyeziyo pang'ono, koma basi ya ku Nkhata Bay ndinkaiopa chomene.

Lachisanu m'mawa ndinapempha apongozi kuti tikatsanzike kwa adada aja. Tinawapeza pakhonde akuothera dzuwa, atavala jekete ndi chipewa chaubweya. Ndinagwada bwinobwino, kuseka kuli pakhosi.

"Adada, pepani, ndine mwana. Nyenyeziyi mwati siioneka?"

"Siioneka, mama. Ngakhale azungu ndi magalasi awo."

"Nanga anaiona ndani?"

"Aa, aphunzitsi mwayamba. Mphepo munaiona?"

"Mphepo imandiulutsira matewera, ndimadziwa kumene yachokera. Ndiye tilozereni kumene ili, kuti amama adziwe kothawira."

Anakhosomola. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Amayi awiri opita kumsika anaima ndi madengu awo kudikira yankho. Munthu wamkulu sangati sindikudziwa pamaso pa amayi, ndiye anatukula ndodo n'kuloza kumene kunali dzuwa.

Kum'mawa. Msewu wotsikira ku Nkhata Bay ndi womwewo.

"Kwathu uko!" anakuwa apongozi. "Adada, mwaiika pamwamba pa chinangwa changa?"

"Ayi, mama, imayenda, imayenda..."

"Imayenda pa basi?" anafunsa apongozi.

Ine pamenepo ndinagwa nako kuseka, misozi mbwembwembwe, mwana kumsana akudumpha nane. Amayi a madengu aja anagwirana mapewa. Apongozi anathokoza kuti, "Yewo, adada," mwaulemu wonse, n'kundikoka dzanja.

Titafika kunyumba anamasula katundu, wa mwana ndi wawo womwe. Anati nyenyeziyo sakuikhulupiriranso, koma munthu sathamangira kumene kwalozedwa ndi ndodo. Loweruka kunangogwa mvula yowaza. Mwana anayamwa tsiku lonse pamiyendo panga, ndipo apongozi tinakhala nawo mpaka chimanga chinacha.