Mng'ono wa Madalitso

Ndikukumbukira chaka chimene dzina langa linasowa. Kunyumba kwathu ku Al Nahda kumalire a Dubai ndi Sharjah, kutchalitchi, ngakhale pabwalo la besiboli, aliyense ankangonditchula kuti mng'ono wa Madalitso. Achimwene angawo anali atatengedwa ndi koleji ina ya ku Amereka chifukwa cha mkono wawo woponya mpira. Ine mkono wotero ndinalibe. Luso langa linali kumenya mpira ndi chibonga, ndipo ndinkadalira lomwelo kuti nanenso ndipeze malo kukoleji.

Titamva kuti kochi wa koleji yomweyo akubwera ku Dubai kudzasankha anyamata, bambo anatulutsa juzi yakale ya achimwene. Kwathu chovala cha mkulu chimatsikira kwa mng'ono, ndipo sukana. Nditati ndili nayo yanga, anandiyankha kuti njira imene walambula mkulu wako sumaisiya n'kulowa patchire. Ndinaivala, manja ake akulendewera.

Titafika pabwalo, dzuwa likuswa mtengo, bambo anathamangira kochi uja, kumupatsa moni ndi manja awiri, n'kumuuza kuti ine ndi magazi amodzi ndi Madalitso, timaponya chimodzimodzi. Bodza lamkunkhuniza. Kochi anasekerera, nandiimika pakati kuti ndiponye. Mipira yanga inkapita komwe yafuna. Wina unakagunda waya, anyamata n'kuphulika kuseka. Nthawi yomenya itakwana, munthu uja anali atatembenukira kale kwa ena.

"Bambo, kawauzeni kuti ine ndimamenya," ndinawachonderera.

"Khalas, basi, watichititsa kale manyazi," anatero. "Yalla, tiye kugalimoto."

Pachipata kochi anandisisita paphewa n'kunena kuti ndikam'patse moni mkulu wanga. Dzina langa sanafunse n'komwe. Ulendo wonse wobwerera, titapanikizika mumzere wa magalimoto opita ku Sharjah, ndinkangoyang'ana kunja pawindo, mtima ukuwira.

Mpaka lero ndikaganiza za tsikulo ndimapsa mtima. Achimwene sindiwada, sanandilakwire kanthu. Dzina lawo linandithandizadi kuti kochi andiyang'ane, koma ankayang'ana Madalitso wachiwiri, ndipo atamusowa anachoka. Paja nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Bambo amati ankandifunira zabwino, ndipo ndimawakhulupirira. Koma mwayi umenewo unali umodzi wokha, ndipo chibonga changa sichinatuluke n'komwe m'chikwama.

Dzina langa ndi Yamikani.