Anamasula kamota ka kamera kuti ndikhale mkazi wapakhomo

Inu owerenga, tsoka langa linali loti ndinkagwira ntchito limodzi ndi mwamuna amene ndinkayembekeza kumanga naye banja, ndipo ndinkamukhulupirira kuposa mmene ndinkadzikhulupirira ndekha. Ndikulemba izi kuti atsikana anzanga amene muli ndi luso m'manja mwanu mumve zimene zinandigwera.

Kwathu ndi pa boma pa Salima. Nditamaliza sukulu ndinalowa ntchito pa kakampani kojambula mavidiyo a maukwati ndi makwaya. Poyamba ndinkangonyamula zikwama ndi kutchaja mabatire. Kenaka abwana anagula kireni, chitsulo chachitali chimene chimanyamula kamera kunsonga kwake n'kuikweza pamwamba pa mitu ya anthu. Vuto lake ndi loti kamera ikakwera, palibe dzanja lingafike pa lenzi, diso la kamera limene umalipotoza kuti chithunzi chioneke bwino. Choncho pambali pa lenzi amamangapo kamota kokhala ndi mano, ndipo munthu wina amaima pansi ndi kachipangizo kokhala ndi kawilo. Ukapotoza kawiloko, kamota kumwamba kuja kamatembenuza lenzi popanda waya. Maso ako amakhala pa kasikirini, ndipo munthu akamayandikira umapotoza pang'onopang'ono kuti nkhope yake isachite mbuu. Ntchito imeneyi timati kukoka fokasi.

Anyamata onse anayesa koma ankafulumira dzanja. Ine inandiyanja. Abwana anafika pomanena kuti kireni isatuluke ngati ine palibe.

Woyendetsa kireniyo anali Limbani. Iye akamakweza kapena kutsitsa, ine ndinkapotoza, ndipo tinazolowerana mpaka sitinkafunikanso kuuzana. Chikondi chathu chinayambira pomwepo. Ankhoswe anakumana, chinkhoswe chinachitika, kunangotsala ukwati.

Tsiku lina abwana anandiuza kuti gulu lina lojambula mafilimu ku Lilongwe likufuna munthu wokoka fokasi, woti aziyenda nalo m'maboma osiyanasiyana. Abwanawo anali atatchula dzina langa, ndipo anthuwo anapempha kuti aone ntchito yanga yotsatira. Ndinathamangira kukauza Limbani. Anaseka n'kunena kuti, “Ndiye mkazi wanga azikagona m'malodji ndi amuna osawadziwa?” Nanenso ndinaseka, poyesa nthabwala.

Ntchito yotsatirayo inali ukwati ku Lifuwu. Mkwatibwi anali mwana wa bambo wina wogulitsa usipa, amene anali atadwala nthawi yaitali ndipo anachita kupempha kuchipatala kuti atuluke akaone ukwatiwo. Mtsikanayo anandigwira dzanja dzulo lake. Anati, “Achemwali, zina zonse mukhoza kuphonya, koma bambo anga akamandiperekeza kuchokera pagalimoto kufika pakhomo la tchalitchi, musaphonye.” Ndinamulonjeza.

M'mawa tinaimika kireni pabwalo la tchalitchi. Kunali mwera, fumbi lili koboo. Ndinamanga kamota ndekha, ndinayesa, zonse zinali bwino. Kenaka anandiitana m'kati kuti ndikathandize kuika maikolofoni kuguwa. Limbani anandiuza kuti ndipite, iye ayang'anira.

Nditatuluka, galimoto ya mkwatibwi inali ikulowa, nthungululu zili pakamwa pa amayi, ndipo kamera inali kale m'mwamba. Ndinanyamula kachipangizo kanga n'kupotoza. Palibe chinasintha. Ndinapotoza kutsogolo, ndinabweza, chithunzi chinangokhala mbuu ngati ukuyang'ana m'madzi a thope. Ndinanong'oneza Limbani kuti atsitse kamera, iye anapukusa mutu kuti nthawi yatha. Bambo aja anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo, dzanja lina lili m'dzanja la mwana wawo. Pakati pa njira anaima n'kumupukuta misozi ndi mpango. Ine ndinaziona ndi maso anga, koma pa sikirini panali mithunzi iwiri yopanda nkhope. Kamera yachiwiri inali m'tchalitchi.

Titatsitsa kireni tinapeza kamota katasuntha, mano ake sakukhudza lenzi. Abwana anafunsa kuti zatheka bwanji. Limbani anayankha mwachifatse kuti mwina sindinamange kwambiri chifukwa ndinali ndi changu. Inu owerenga, kumanga kamota inali ntchito yanga, ndiye ndikanakana bwanji? Ndinakhulupirira kuti ndalakwitsa ndine.

Mwayi wa ku Lilongwe unathera pomwepo, ndipo abwana anandiuza kuti ndiyambe ndapuma. Pasanapite nthawi yaitali bambo aja anamwalira. Mwana wawo anabwera ku ofesi maliro atatha, ndipo anandiitanitsa. Sanalalate. Anaonera chithunzi cha mbuu chija mpaka kumapeto, n'kundifunsa kuti, “Bambo anga ndi ati pamenepa?”

Masiku amenewo Limbani anali munthu wabwino kwambiri. Ankabwera kunyumba ndi tchipisi, kundipukuta misozi, kundiuza kuti ntchito ya kamera ndi yovuta kwa mkazi. Anati tikakwatirana adzanditsegulira kaokala pakhomo. Mayi anga ankamuyamikira kwa aliyense, ndipo ine ndinkathokoza Mulungu pondipatsa mwamuna wosandithawa pamavuto.

Koma chikumbumtima sichinkandipatsa mtendere. Ndinapita ku Lifuwu kukapempha mkwatibwi uja kuti andilole kusonkhanitsa mavidiyo amene anthu anajambula pa mafoni awo, ndiwalumikize, mwina bambo ake angaonekemo. Anavomera mosafuna. Achibale ndi a kwaya ananditumizira zambirimbiri, zina zogwedera, zina zongoonetsa mapazi.

Vidiyo ina inali ya mayi wina wa kwaya amene ankajambula anzake akuonetsa yunifomu yatsopano, mkwatibwi asanafike. Kumbuyo kwawo kunkaoneka kireni itatsitsidwa. Ndinamuona Limbani akuyang'ana kukhomo la tchalitchi kumene ine ndinalowa. Kenaka anawerama pa kamera, anamasula kachitsulo komangira kamota, anakakankhira pambali ndi chala, n'kukweza kireni m'mwamba.

Ndinaibwereza vidiyoyo mpaka foni inatentha, kufunafuna tanthauzo lina. Panalibe.

Limbani ndinakamupeza masana akutsuka galimoto ya kampani, ndipo ndinangomupatsa foni. Anaonera, sanakane ngakhale pang'ono. Anati, “Ukanapita ku Lilongwe sukanabwerako. Ndinachita chifukwa chokukonda.” Nditamufunsa za bambo aja, anati iye sankadziwa kuti amwalira. Chimene chinandipweteka koposa si kumasula kamota kuja. Chinali choti munthu ameneyu ankandiona ndikulira, ndikudzitcha wolephera, ndikusiya kudya, iye akudziwa zoona zake, n'kumandisisita pamsana.

Ndinauza ankhoswe kuti ukwati kulibe. Amalume anga anayesa kundinyengerera, amvekere ndi nsanje chabe ya mwamuna wokonda mkazi wake, anthu adya kale chinkhoswe, ndisawachititse manyazi. Ndinawafunsa kuti ngati wandichita izi ndisanalowe m'nyumba mwake, adzandichita zotani ndikadzalowamo.

Abwana nawo ndinawaonetsa vidiyoyo. Anagwira pakamwa, anapepesa, anati ndibwerere ku ntchito. Koma Limbani sanamuchotse, ati oyendetsa kireni ndi osowa. Ankafuna kuti ndiziimanso pambali pake ndikupotoza kawilo ngati palibe chachitika. Ndinakana. Anthu a ku Lilongwe aja anali atapeza kale wina.

Mkwatibwi uja ndinamupatsa zimene ndinalumikiza. Bambo ake amaonekamo pang'ono chabe, cham'mbali, mutu wa munthu wina utatchinga theka. Ndinamuuzanso zoona zonse. Anati zamukhudza, koma sizibweza kanthu. Ankanena zoona.

Lero ndimajambula pandekha ndi kamera yaing'ono yobwereka. Kireni sindinaigwirenso, ngakhale dzanja langa limaikumbukabe ntchitoyo.

Inu owerenga, makamaka amene mumagwira ntchito ya zipangizo, chida chimene dzina lanu lili pamenepo musachisiye m'manja mwa wina, ngakhale akhale wokondedwa wanu. Mukachokapo n'kubwerera, yesaninso musanayambe. Ndipo zinthu zikalakwika, musathamangire kuvomera mlandu chifukwa choti amene akukulozani chala ndi munthu amene mumamukonda.

Atsikana anzanga, yang'anitsitsani nkhope ya mwamuna wanu tsiku limene mwamubweretsera nkhani yabwino ya inu. Aliyense amatha kukutonthozani mukagwa, ngakhale amene wakugwetsaniyo. Ngati mwamuna amakoma mtima pokhapokha inu muli pansi, musadikire kuti mupeze umboni ngati mmene ndinaupezera ine. Ambiri saupeza, amangokalamba akudziimba mlandu.