Chilimwe Chimene Amayi Ankalirira ku Dimba

Chitini chothiririra chija chinali cha palafini, chodula kukamwa, chogwirira chake kamtengo kokhomera ndi misomali. Chinkadontha pangodya, ndipo amayi ankamatapo phula la njuchi. Mpaka lero ndikamva fungo la palafini pa dothi lonyowa, ndimakumbukira chilimwe chimene ndinatsala pang'ono kulandidwa amayi ali moyo.

Tinkakhala pa kasukulu ka mpingo kufupi ndi Chiparamba, pomwe atate anali mphunzitsi. Inali nthawi ya nkhondo ya azungu, magalimoto akututa anyamata kupita nawo ku Foti Jemisoni, koma ine ndinali kamtsikana kongoyamba kusenza mtsuko ndipo za kutalizo sizinkandikhudza. Chondikhudza chinali chakuti m'nyengo yozizira mng'ono wanga wakhanda anamwalira ndi chifuwa. Pamaliro, azimayi a mumpingo anauza amayi kuti mkazi wa mphunzitsi salira ngati wosapemphera. Amayi anamvera, nameza misozi. Patapita milungu anasiyanso kulankhula. Ndiwo zinkapserera iwo ali chiimire pambali pa moto, maso ali kukhoma.

Kutayamba kutentha, anadzipezera okha chochita. Dzuwa likapendeka ankandigwira paphewa n'kunena kuti, "Tenga chitini." Tinkatsetsereka kupita ku dimba lathu kudambo. Ine ankandisiya pakhomo la mpanda kuti ndiziingitsa mbuzi, iwo n'kulowa. Ankayamba kuthirira kaye. Akatha ankakhala pansi pa mtengo wa katope, mapazi ali m'madzi, n'kuyamba kuuza khanda lija nkhani za tsikulo, zoti nkhuku yaswa, zoti mchere watha, ngati lili pamiyendo pawo. Kenako ankalira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa. Akamaliza ankasamba kumaso, kudzola timafuta ta nsatsi, n'kuthyola nzimbe yoti tizidya pobwerera. Pofika kunyumba ankaphika bwinobwino, mwina n'kutiseka ine ndi mlongo wanga.

Ine ndinkachita nazo mantha, koma ndinkaona kuti ndiwo zasiya kupserera.

Kudambo sikusowa makutu. Azimayi okatunga madzi anamva, ndipo mbiri inawanda kuti mkazi wa aphunzitsi akulankhula yekha, mutu wazungulira. Ndikamapita kuchitsime anzanga ankasiya kucheza. Anthu omwe aja anawaletsa kulira pamaliro ndi amene tsopano ankapukusa mitu mwachisoni. Ndakalamba, koma ameneŵa sindinawakhululukirebe bwinobwino.

Ndiye kunabwera atate aakulu, mkulu wawo wa atate, kuchokera kumudzi kwathu. Anali munthu wamtali, wa makutu oboola, wosaseka, woyenda ndi chibonga ngakhale popita kuseri kwa nyumba. Anati abwera kudzationa, koma ndinawamva pakhonde akuuza atate kuti, "Ngati ndi misala, abwerere kwawo. Ana atsale, ng'ombe tinapereka." Kwathu kwa Angoni mawu amenewo samasowa womasulira. Kwawo kwa amayi kunali kutali, kupitirira Tamanda, ndipo ndinadziŵa kuti akapita, ife sitidzapita nawo.

Atate anali munthu wabwino koma wamantha ndi mkulu wawo. Anapempha amayi kuti ayambe aleka za kudimba mpaka mlendo atapita. Amayi analeka.

Masiku amenewo sindifuna kuwakumbukira. Atate aakulu ankakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, maso awo akutsatira amayi kuchokera kunkhokwe kufika kukhitchini. Amayi ankayesetsa, koma sizinathandize. Anagwetsa mtsuko. Anamenya mlongo wanga chifukwa cha kanthu kachabechabe, iwo amene sankamenya mwana. Tsiku lina anaima pabwalo ndi lichero m'manja, osapeta, nkhuku zikujompha chimanga m'lichero momwemo. Atate aakulu anaona zonsezi, natsokomola. Ine chakudya osalowa.

Mawa lake dzuwa litapendeka ndinamva dzanja paphewa. "Tenga chitini."

Ndinayang'ana kumtengo wa mango, mlendo ali pomwepo. Ndinafuna kuwagwira chitenje kuti tisapite, koma anali atayamba kale kuyenda, ndipo anadutsa pamaso pa alamu awo osabisala.

Ndili pakhomo la mpanda ndinamva udzu wouma ukuthyoka kumbuyo. Anali atate aakulu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndichenjeze amayi, iwo anangondiloza ndi chibonga, mawu anga n'kubwerera. Anaima kuseri kwa mpanda wa bango, pafupi kwambiri moti ndinkamva fungo la fodya wawo. Mkatimo madzi anasiya kukhavuka, ndipo mawu a amayi anayamba.

Anauza khanda lija kuti kwabwera atate ake aakulu, kuti akufuna kuwatengera ana otsala, kuti aphwanya mtsuko ndipo amenya mwana wosalakwa. Anati mawere anauma koma msana sunazoloŵerebe kuyenda wopanda kanthu. Kenako analira. Tsiku limenelo analira nthaŵi yaitali kuposa masiku onse, ine ndikulira nawo chamumtima poganiza kuti basi, zatha, umboni wapezeka. Ndinaba kuyang'ana atate aakulu. Anali atatsamira chibonga, maso ali pansi, nsagwada zikuyenda ngati akutafuna chinthu cholimba.

Amayi anasamba kumaso, nadzola mafuta, natuluka ndi nzimbe. Atawaona alamu awo sanadzidzimuke. Anagwada monga mwa ulemu, nati, "Mwamva zonse, alamu. Ndikalirira kuno, kunyumba ndimatha kulera ana. Mukandiletsa, ndiye mudzaione misala imene mwabwerera."

Atate aakulu anasuzumira mumpanda, nayang'ana kanthaŵi, kenaka anatembenuka n'kutsogola. Ife tinawatsatira pambuyo mpaka kunyumba.

M'mamawa atate aakulu anamanga kamtolo kawo. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe nditagwira mlongo wanga dzanja, kudikira kumva ngati amayi auzidwe kumanga wawo. Atate anaima pakhonde ngati mwana wasukulu wodikira chilango.

"Aphunzitsi," anatero atate aakulu, "dimba la mlamu wanga lili bwino kwambiri. Asadumphe tsiku kuthirira. Wina akalankhulapo, mum'tumize kwa ine."

Ananyamula chibonga napita okha. Patapita zaka zambiri ndi pomwe ndinamva kuti iwonso anaika ana aŵiri m'chaka chimodzi, ndipo palibe anawaonapo akugwetsa msozi. Koma m'mawa umenewo ine ndinangodabwa kuti munthu wamkulu chotero anganame bwanji poyera, chifukwa mpiru wathu unali wachikasu, wodyeka ndi ziwala, woipa kuposa wa aliyense kudambo konse.