A Mawa ndi Nsapato za Aphunzitsi

Dzina lawo lenileni linatsala pa kalata ya ubatizo. Msewu wonse unkawadziwa kuti a Mawa, osoka nsapato pakhonde la sitolo yogulitsa misomali ndi penti. Dzinali sanangolitola ayi, analigwirira ntchito zaka makumi atatu. Ukawasiyira nsapato Lolemba, Lachisanu ankakulandira akumwetulira mpaka m'makutu: "Zatsala pang'ono, mubwere mawa." Koma zikati zatha, ee, nsapato zinkaoneka ngati zatsopano. N'chifukwa chake anthu ankang'ung'udza koma n'kubwerabe.

Kunyumba ndiye anali munthu wina. Ana awo anayi sankapita kusukulu asananene vesi pamtima, ndipo wolakwitsa ankabwereza tiyi akuzizira. Akazi awo akati, "Abambo, anawa achedwatu," iwo ankayankha chifuwa chili patsogolo: "Ine sindikulera anawa okha, ndikulera ndi ana a ana awo omwe."

Zidzukulu zinabweradi. Mwana wawo wamkazi wachisamba, yemwe anali telala, anali ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, kolongolola ngati wailesi. Ntchito ikamuchulukira, Loweruka ankakasiya kwa agogo ake. A Mawa ankakanyadira koopsa. Munthu wongodutsa, ngakhale wovala patapata, ankamuimitsa: "Tamverani kaye vesi, achimwene!"

Loweruka lina anazungulira kuseri kwa sitolo kukatunga madzi onyowetsera chikopa. Ali komweko anamva mawu a aphunzitsi ena aakazi, amene anasiya nsapato zothyoka chidendene masabata awiri apitawo ndipo anali atabwera kale katatu. A Mawa anaima dala kuti aphunzitsiwo atope okha n'kumapita. Nsapatozo zinali pansi pa benchi, m'jumbo momwe zinabwereramo.

Kenako anamva kamawu ka mdzukulu uja, kaulemu bwino: "Pepani mayi, zatsala pang'ono. Guluu sanaume. Mubwere mawa."

Abale inu! Ngakhale kachifuwa kamene iwo ankatsokomola asananene "pepani", mwanayo anakatsokomola. A Mawa anatulukira aphunzitsi atachoka kale.

"Iwe, guluu wake uti?"

"Palibe, agogo. Koma timatero."

"Timatero ndani?"

"Amayi amatero kwa anthu a madiresi, amati kwangotsala zipi. Akuti anaphunzira kwa inu."

Kananena kakunyadira, kakudikira kuti agogo akaombere m'manja ngati pa vesi. A Mawa anamva manyazi mpaka kuphazi, kenako mantha. Bodza limeneli sanakhazikepo mwana pansi kuti aliloweze, koma taonani, lafika kwa mdzukulu lathunthu, losaphwanyika pena paliponse. Ndiye ana a kamtsikanaka adzalandira chiyani kwa iwo?

Anatola jumbo, anagwira mwanayo dzanja, liwiro! Madala aja athamange, epuloni ikuuluka, anthu ogulitsa m'mbali mwa msewu anaganiza kuti kwalowa mbava. A Mawa anakawapeza aphunzitsi aja pokwerera minibasi.

"Mayi, nsapato zanu ndi izi, sindinazikhudze n'komwe," anatero akupuma wefuwefu. "Ndakunamizani katatu, ndipo lero wakunamizani mwanayu chifukwa cha ine. Mundikhululukire."

Aphunzitsi anasuzumira m'jumbomo, anayang'ana mwanayo.

"Zikomo ponena zoona, bambo. Koma ndikapereka kwina."

"Agogo, apita nazotu!" kamtsikana kanadandaula minibasi itanyamuka.

"Apite nazo, n'zawo. Ife talakwa, tapepesa. Tiye."

Madzulo telala atabwera kudzatenga mwana, wailesi ija inaulutsa zonse, mpaka kusonyeza m'mene agogo ankathamangira. Telala anaseka, misozi mbwe.

"Koma ababa, inunso! Aliyense wantchito zamanja amatero."

Anayembekezera ulaliki wa ola lathunthu. Koma a Mawa, kwa nthawi yoyamba chibadwire cha mwana wawoyo, analibe vesi pakamwa. Anangoika singano pansi.

"Mwanangu, wokulakwira ndine, ukhululuke. Koma uyu akumva zonse."

Kuseka kunathera pompo. Telala anayang'ana mwana wake, amene anali atakangamira siketi yake maso ali m'mwamba. Anatulutsa foni m'chikwama n'kufuna kupita pambali, koma anasintha maganizo, anaimbira pomwepo.

"Halo, mayi? Ndine telala uja. Diresi lanu lija si zipi ayi. Nsalu sindinaidule n'komwe, ndinakunamizani."