Manja anga pa khadi la achimwene

Achimwene anga ankapopera mankhwala pa esiteti ya thonje kumunsi kwa Golomoti. Anagwira ntchitoyo zaka zambiri, pampu kumsana, malaya atanyowa ndi mankhwala. Pofika chaka chimene ndikunenachi, manja awo anali atayamba kunjenjemera. Tiyi ankamwa atagwira kapu ndi manja awiri, ndipo akaona kapitawo akubwera ankapisa manja m'thumba. Anali ndi ana asanu, munda wawowawo analibe.

Ine ndinali telala pakhonde la sitolo ina pamsika. Ulusi ndinkalowetsa pasingano osayang'anapo, ndipo ndinkadzitama nazo.

Tsiku lina kusukulu ya pafupi ndi esitetiyo kunabwera alendo odzayeza onse opopera mankhwala. Aliyense anapatsidwa khadi la nambala. Oyamba kulowa anatuluka akupukusa mitu. Magazi sanatenge, jakisoni sanabaye, ngakhale kumvetsera pachifuwa ayi. Ankangowapatsa timitengo toti alowetse m'timabowo ta thabwa, mzungu wamkazi atagwira wotchi. Chipatala chanji chimenecho? Ena ankati ndi za satana. Ine ndinaseka zimenezo, poti ndinkadziona wozindikira. Ndinati nkhani ndi yoonekeratu: bwana wa esiteti akufuna adziwe amene manja awo atha kuti awachotse ntchito. Kuyezera kusukulu, kapitawo osamulola kulowa, ndinati n'kutiphimba m'maso chabe.

"Achimwene, ndipatseni khadilo," ndinatero. "Alendowa sakukudziwani nkhope."

"Iwe, nanga akatulukira?"

"Atulukira bwanji? Inuyo mukalowa mmenemo, mwezi uno sutha muli pantchito."

Anayang'ana manja awo nthawi yaitali, kenako anandipatsa.

Ndinavala ovolosi yawo, fungo lake loyabwa pakhosi. M'kalasimo womasulira, mayi wina wa ku Lilongwe, anandiuza kuti cholinga n'kuona ngati mankhwala akuwononga mitsempha ya anthu. Mumtima ndinati, nenani zanu. Timitengo tija ndinatilowetsa ngati ndikusoka mabatani. Manambala amene ankanditchulira ndinawabwereza mobwerera m'mbuyo osaphonya, poti telala miyeso amasunga m'mutu. Chinandigonjetsa n'chithunzi chimodzi cha chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Womasulira anaseka nati tichidumphe, chimenecho n'cha kwawo kwa azungu.

"Mutu umakupwetekani? Mumaiwalaiwala?" anafunsa mayiyo.

"Ayi, ndili bwinobwino."

Mwezi womwewo achimwene anali ataiwala njinga kutchalitchi kawiri. Mzungu uja anayang'ana wotchi, nayang'ananso zala zanga, n'kufunsa kuti ndapopera zaka zingati. Ndinatchula zaka za achimwene. Analemba akudabwa, ine ndinatuluka ndikuyenda monyang'wa. Tsiku limenelo alamu anga anandiphera nkhuku.

Thonje litatha kutoledwa, makalata anabwera, iliyonse ndi nambala yake. Palibe amene anachotsedwa ntchito. Amuna angapo amene anapezeka kuti mankhwala awavulaza anawatula pampu. Wina anamuika pageti, ena kushedi yosungira thonje, ndipo onse anawatumiza kuchipatala. Kalata ya achimwene inati iwo ali bwino kwambiri. Kapitawo ataiona anawasisita paphewa nati munthu wolimba chotere ndiye woyenera kusakaniza mankhwala m'migolo.

Ndinawapempha achimwene kuti tikaulule. Anakana, ati bodza la pakhadi ndilo lingawachotsetsedi ntchito, ndiponso alendowo anapita kalekale. Anagwira ntchito ya m'migoloyo nyengo zina ziwiri, mpaka tsiku limene chigubu cha mankhwala chinawapulumuka m'manja kapitawo akuona. Ntchito inathera pomwepo.

Sanandidzudzulepo n'kamodzi komwe, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka kwambiri. Akanandilalatira mwina mtima ukanapepukako. Lamlungu lililonse m'mawa ndimapalasa njinga kupita kwawo kukawamanga mabatani a malaya a kutchalitchi. Iwo amakweza chibwano n'kumayang'ana kudenga, ine n'kumamanga. Zala zanga zikadali zachangu.